Mfumu ya Mzinda Ikagwa, Timatani Nayo?

Kuwerenga kwa sabata ino kukukhudza funso limene limagawanitsa anthu m'minibasi, pamaliro ngakhalenso m'nyumba zathu. Munthu amene anapatsidwa udindo wadya chuma chimene anthu anamusungitsa. Khoti lamupeza wolakwa, wagwira ukaidi, tsopano watuluka. Akubwera pakati pathu, akupereka moni, mwinanso akufuna mpando wake uja. Ena amati, "Ngati Mulungu amakhululuka, ife ndife yani kuti timukanize?" Ena amati, "Wakuba ndi wakuba, asayandikenso." Kumbali zonse ziwiri kuli anthu oopa Mulungu, ndipo aliyense wagwirako kachigawo ka choonadi.

Chimene tikufuna kulingalira pamodzi n'chakuti kukhululukira munthu ndi kumukhulupirira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba timapereka kwaulere, lero lomwe, kuchokera mumtima. Chachiwiri munthu amachimanga ndi ntchito zake pang'onopang'ono, ndipo amene amachipereka ndi gulu lonse. Tikasakaniza ziwirizi, mwina timapweteka wolakwayo, mwina timapweteka anthu amene anawalakwira.

Titchula mayina a anthu amene milandu yawo inazengedwa poyera m'makhoti. Sitikuwatchula kuti tiwaseke, ndipo zipani zawo sizikutikhudza, pakuti ife a Bahá'í sitilowa m'ndale za zipani. Tikuwatchula chifukwa phunziro la makhalidwe limamveka bwino likakhala pa zinthu zimene zinachitikadi.

Mizinda iwiri

Mu November 2000 dziko lathu linachita chisankho cha makhansala, choyamba chibwerereni ndale za zipani zambiri. M'mizinda, makhansala amasankha mmodzi mwa iwo kuti akhale mfumu ya mzinda, imene ambiri timangoti meya. M'zaka zimenezo mfumu ya mzinda wa Blantyre inali a John Chikakwiya, munthu wodziwika ndiponso wamphamvu pa ndale za m'chigawo cha kummwera. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika atalowa m'boma analengeza nkhondo yolimbana ndi katangale, ndipo a Chikakwiya anali mmodzi mwa akuluakulu oyambirira kuonekera m'khoti. Mu 2005 khoti linawapeza olakwa pa mlandu wakuba ndalama zokwana K400,000 zimene kampani ina inapereka kuti zithandize kukonza misewu, ndipo linawatumiza kundende. Munthu amene dzulo ankavala mkanjo ndi tcheni cha umeya polandira alendo a mzinda anapezeka atavala yunifolomu ya akaidi.

Zoterezi sizichitika kuno kokha, ndipo sizichitika m'mayiko osauka okha. Ku America kuli mzinda wa Detroit, wotchuka ndi mafakitale a galimoto. Mu 2001 anthu a kumeneko anasankha a Kwame Kilpatrick kukhala meya ali ndi zaka 31 zokha. Anali loya, wodziwa kulankhula, mwana wa mayi amene anali phungu m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Mzinda unali utasauka chifukwa mafakitale ambiri anatsekedwa ndipo anthu anasamuka, choncho ambiri anaona mwa mnyamatayu chiyembekezo chakuti Detroit idzukanso.

Mu January 2008 nyuzipepala ya Detroit Free Press inasindikiza mauthenga a pafoni oonetsa kuti a Kilpatrick ananama atalumbira m'khoti, pa mlandu wa apolisi ena amene anadandaula kuti anawalanga pantchito chifukwa chofufuza anthu oyandikana ndi meya. Pothetsa mlandu wa apolisiwo mzinda unali utalipira madola 8.4 miliyoni, ndalama za okhoma msonkho. Mu September chaka chomwecho a Kilpatrick anavomera mlandu wosokoneza chilungamo, anatula pansi udindo, nakakhala kundende miyezi ingapo. Koma mlandu suola. Mu March 2013 khoti la boma lalikulu linawapeza olakwa pa milandu 24, kuphatikizapo chinyengo, kulanda ndalama moopseza, ndi kukhotetsa makontirakiti a mzinda, ena a madzi ndi zimbudzi, kuti agwere mnzawo. Mu October 2013 anawalamula kukakhala kundende zaka 28. Mu July chaka chomwecho mzinda wa Detroit unali utalengeza kukhoti kuti walephera kubweza ngongole zake, pafupifupi madola 18 biliyoni. Ngongolezo zinaunjikana kwa zaka zambiri ndipo sitingazisenzetse munthu mmodzi, komabe okhala mumzindamo anadziwa kuti pamene iwo ankavutika, mtsogoleri wawo ankadya.

Mu January 2021 Pulezidenti Donald Trump anawadulira chilango, ndipo anatuluka atakhala m'ndende zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Chigamulo chakuti ndi olakwa sichinafafanizidwe, ndipo lamulo lakuti abweze ndalama linakhalapobe. Atatuluka anayamba kulalikira mawu a Mulungu. Anthu a ku Detroit anagawanika monga momwe ife timagawanikira: ena anayamika Mulungu, ena anakwiya.

Chimene chimabedwa

Tisanafike pa kukhululuka, tiyambe tamvetsa chimene chinatayika. Mnzathu akamapita ku Joni n'kutisungitsa ng'ombe zake, timazidyetsa, timazimwetsa, timazitsekera m'khola, koma tsiku lililonse timadziwa kuti mwini wake alipo ndipo adzabwera kudzaziwerenga. Udindo wa pagulu uli chimodzimodzi. Meya, khansala, wapampando wa komiti ya sukulu, msungichuma wa banki mkhonde, onsewa agwira katundu wosungitsa. Bahá'u'lláh anaika kukhulupirika pakati pa makhalidwe amene mtendere ndi chitetezo cha anthu zatsamirapo, ndipo tikayang'ana mzinda wathu tiona chifukwa chake.

Kuno ku Mzuzu mvula timaidziwa. Ndalama yokonzera kalavati ikasowa, msewu wa ku Mchengautuba kapena ku Masasa umakumbika, wakabaza amakana kukwera mtunda, ndipo mayi amene matenda amuyamba usiku amachedwa kufika kuchipatala. Amene wadya ndalamayo sadzamuona mayiyo, mwinanso sadzamva n'komwe dzina lake. N'chifukwa chake kuba chuma cha anthu onse kumaoneka kopepuka kwa wakubayo: palibe amene akumulirira pamaso. Koma olira alipo, angobalalika.

Chinthu chachiwiri chimene chimabedwa sichioneka m'mabuku a akauntanti. Mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa amadula tikiti ya msika tsiku lililonse. Akamva kuti mkulu wina kwinakwake wadya ndalama za anthu, amayamba kufunsa kuti, "Nanga ine ndikulipiriranji?" Akaleka kulipira, zinyalala sizichotsedwa, ndipo ogwira ntchito okhulupirika, amene ndi ambiri, amayamba kuyang'anidwa ngati akuba. Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lonse linakhala lopanda makhansala osankhidwa. Mipando imeneyi ikadali yanthete, kotero aliyense amene akhalapo akuphunzitsa anthu tanthauzo la mpandowo.

Chachitatu ndi ana athu. Amamva akuluakulu akuseka n'kumati mbuzi imadya pamene aimangirira, ndipo amakula akuganiza kuti udindo ndi msipu. Koma mbuzi sinalumbire kalikonse, ndipo palibe amene anaisungitsa kanthu. Munthu ali ndi mzimu, amatha kusankha, ndipo ulemerero wake wagona pa kutha kuona msipu wobiriwira n'kuusiya chifukwa si wake.

Wokhululuka ndi ndani?

Pakati pa 1904 ndi 1906, ku 'Akká, 'Abdu'l-Bahá ankayankha mafunso a mayi wina wa ku America, Laura Clifford Barney, ndipo mayankhowo anasindikizidwa mu 1908 m'buku lotchedwa Some Answered Questions. Limodzi mwa mafunsowo linali la mmene tiyenera kuchitira ndi anthu opalamula milandu. Poyankha, 'Abdu'l-Bahá anasiyanitsa munthu payekha ndi gulu. Munthu payekha alibe ufulu wobwezera. Choyenera iye ndi kukhululuka ndi kuchitira zabwino amene wamulakwira. Koma gulu lili ndi udindo woteteza anthu ake, choncho limapereka chilango, popanda chidani, kuti ofooka asaponderezedwe ndiponso kuti ena asatengere. Anachenjezanso kuti gulu likamangokhululukira aliyense wopalamula, dongosolo la dziko limasokonekera.

Tichione ndi chitsanzo cha pafupi. Amayi 20 a banki mkhonde ku Chibavi asonkha ndalama chaka chonse, ndipo nthawi yogawana itakwana mu December, bokosi lapezeka loperewera chifukwa msungichuma anabwereka mwamseri. Mayi aliyense angathe kunena mumtima mwake kuti, "Sindimusungira chakukhosi," ndipo angathe ngakhale kusiya gawo lake osalifunsanso. Kumeneko ndi kukongola kwa mzimu. Koma wapampando sanganyamuke n'kunena kuti, "Tonse takhululuka, nkhani yatha," pamene pakati pawo pali mayi wamasiye amene amadalira ndalamayo kugula feteleza ndi kulipira fizi. Akatero, wapampandoyo wachita chifundo ndi ndalama za eni ake. Ngongole imene tingaikhululuke ndi yathu yokha.

Mabokosi ambiri a banki mkhonde amakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana. Nkhani ya mtsogoleri wogwa ilinso ndi makiyi angapo. Kiyi wa chitseko cha ndende ali ndi khoti ndi mtsogoleri wa dziko, malinga ndi malamulo. Kiyi wa chidani cha mumtima ali ndi aliyense wa ife, ndipo timalamulidwa kutsegula msanga. Kiyi wa chuma cha anthu ali ndi anthuwo pamodzi. Za mzimu wa munthuyo, woweruza ndi Mulungu yekha. Pamene a Kilpatrick anatuluka mu 2021, chitseko chimodzi chokha ndi chimene chinatseguka. Kutuluka kwawo sikunabweze ndalama za mzinda, ndipo sikunakakamize munthu aliyense wa ku Detroit kuwapatsanso makiyi. Komanso munthu wa kumeneko amene akuwasungirabe chidani akudzizunza yekha ndi katundu amene Mulungu anamuuza kuti atule.

Mafunso atatu ovuta

Wina anganene kuti, "Chilungamo chimene mukunenachi chimagwira usipa, nsomba zikuluzikulu zimang'amba ukonde." Funsoli ndi loona ndipo tisalithawe. K400,000 ndi kadontho tikayerekeza ndi mabiliyoni a makwacha amene anasowa m'boma pa nkhani ya Cashgate mu 2013. Ambiri amaonanso kuti milandu ya akuluakulu imakonda kutuluka boma likasintha. Chilungamo chokondera chimavulaza dziko, ndipo ife a Bahá'í tikudziwa bwino kuti ndende imatha kusunga osalakwa. Bahá'u'lláh anaponyedwa m'ndende ya pansi pa nthaka ya Síyáh-Chál ku Tehran mu 1852 wopanda mlandu, ndipo 'Abdu'l-Bahá anakhala mkaidi mpaka 1908. Choncho sitiyeza mzimu wa munthu ndi yunifolomu imene boma lamuveka. Komabe mankhwala a ukonde wong'ambika ndi kuusoka. Tikati wakuba zochepa amasulidwe chifukwa wakuba zambiri sanagwidwe, mayi wa ku Masasa uja tamulanda kawiri.

Wina angafunse kuti, "Kodi anthu sasintha? Tikamukaniza mpando, sitikukana kulapa kwake?" Anthu amasinthadi. Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kusanyoza wochimwa, chifukwa palibe amene akudziwa mathero ake. Amene lero ali pansi angadzakwere, ndipo amene lero akuoneka woyera angadzagwe. Akuluakulu athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma tikumbukirenso kuti m'Chipembedzo chathu munthu salapa machimo ake kwa munthu mnzake kuti amukhululukire m'malo mwa Mulungu. Kulapa kuli pakati pa iye ndi Mlengi wake, ndipo maso athu sangakuone. Chimene timaona ndi ntchito. Ndiponso mpando sunakhalepo mphotho ya kulapa. Palibe munthu, ngakhale amene sanalakwepo, amene anabadwa ndi ufulu wosunga chuma cha anthu. Tikapanda kumupatsa mpando sitinamulande chake.

Tiyeneranso kusiyanitsa milandu. A Marion Barry, meya wa mzinda wa Washington, anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo mu January 1990, anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mu 1994 anthu anawasankhanso kukhala meya. Ovota anali ndi ufulu wotero, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati anachita mwanzeru. Koma mlandu umene khoti linawapeza nawo unali wa kufooka kwa thupi lawo, pamene wa a Kilpatrick unali wa chuma chimene anasungitsidwa. Gulu lanzeru limafunsa kuti: kodi pamene munthuyu anagwa ndi pomwe tikufuna kumuimikanso? Munthu amene wasiya mowa timamukonda ndi kumulimbikitsa, koma sitimulemba ntchito yogulitsa m'bala. Kutero kungakhale kumuika m'mayesero, ndipo tingakhale tamulakwira.

Funso lachitatu ndi la ife eni: kodi kukamba zonsezi si miseche? Mu Buku 1 la Ruhi tinaphunzira kuopsa kwa miseche, ndipo mu Kitáb-i-Aqdas miseche inaletsedwa pamalo amodzi ndi kupha ndi chigololo. Ena amaganiza kuti lamuloli likutanthauza kuti tikaona wina akudya ndalama za gulu tizingokhala chete. Si choncho. Kukauza Bungwe Lauzimu, komiti imene ili ndi udindo, apolisi kapena bungwe la ACB, limene lili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu, ndi kuteteza anthu. Miseche ndi pamene nkhaniyo tikuitembenuza ngati chimanga chootcha m'magulu a WhatsApp, kwa anthu amene sangachitepo kanthu, tikumva kukoma poona wamkulu atagwa. Tisanatsegule pakamwa tidzifunse: ndikuuza ndani, ndipo mawu angawa ateteza ndani? Tikumbukirenso kuti munthu wogwayo ali ndi mkazi kapena mwamuna, ali ndi ana amene mawa apita kusukulu. Iwo sanabe kanthu.

Njira yobwerera

Ngati gulu lili ndi ufulu wosunga makiyi, lilinso ndi udindo wosiya njira yotseguka. Munthu amene watuluka kundende n'kupeza kuti palibe womupatsa moni, palibe womulemba ganyu, palibe womuitana pamaliro, tamupatsa chilango chachiwiri chimene khoti silinalamule.

M'dongosolo la Chipembedzo chathu muli chitsanzo. Mbahá'í akaphwanya malamulo poyera ndipo wachenjezedwa koma osasintha, Bungwe Lauzimu la Dziko lingathe kumuchotsera ufulu wovota, wosankhidwa, wopezeka pa Phwando la Masiku 19 ndi wopereka ku Thumba. Koma amakhalabe Mbahá'í. Sitimuthawa, timapemphera naye, timamuyendera akadwala. Akakonza chimene chinalakwika, ufulu wake umabwezedwa. Chilangocho chili ndi khomo lolowera ndi lotulukira, ndipo cholinga chake ndi kuteteza gulu ndi kuchiza munthuyo.

Nanga zizindikiro zakuti munthu akubwereradi ndi ziti? Amavomera chimene anachita kwa anthu amene anawalakwira, osabisala kumbuyo kwa mawu akuti adani andichitira nsanje. Amabweza chimene angathe, ngakhale pang'onopang'ono. Madzi akatayika saoleka, koma munthu angathe kupita kuchitsime kukatunga ena. Amalola kutumikira pamalo otsika, posesa, ponyamula njerwa, pokumba manda, pamene palibe ndalama kapena ulemu. Ndipo sathamangira mpando. Munthu amene wamvetsa kukula kwa chimene anaphwanya amakhala woyamba kunena kuti, "Makiyi asunge wina." Amene akuumiriza kuti, "Ngati mwandikhululukira, ndibwezereni udindo," akugulitsa chikhululukiro chathu kuti agule chinthu china.

Bokosi lathu

N'zosavuta kukamba za Blantyre ndi Detroit. Koma 'Abdu'l-Bahá, m'yankho lomwe lija, anadandaula kuti mayiko amatanganidwa ndi kumanga ndende ndi kusula maunyolo, pamene mphamvu zawo zikanapita pa kulera anthu kuti asafune n'komwe kupalamula. Funso lalikulu tsono ndi lakuti mtsogoleri amafika bwanji pogwa, ndipo gulu lingamuteteze bwanji.

Taonani zimene zimachitika khansala akangosankhidwa. M'mawa uliwonse pakhomo pake pamakhala mzere: uyu akufuna bokosi la maliro, uyu fizi, uyu thiransipoti yopita ku Ekwendeni. Akakana, amati ndi woumira ndipo sadzamuvoteranso. Akavomera, ndalama imene amalandira singakwane ngakhale sabata imodzi. Nanga yotsalayo aitenga kuti? Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti, koma lamulo silingasinthe mtima wa wopempha. Izi sizichotsa mlandu pa wakuba, chifukwa dzanja limene linatenga ndi lake. Koma zikutionetsa kuti mzinda umene umayeza mtsogoleri ndi kukula kwa thumba lake ukukumba dzenje pa njira imene iye adutse.

N'chifukwa chake njira imene timasankhira Bungwe Lauzimu la m'dera ili ndi phunziro. Chaka chilichonse pa Ridván, mu April, timasankha anthu asanu ndi anayi mwachinsinsi ndi mwapemphero. Palibe woimira, palibe kampeni, palibe wolonjeza kanthu. Wosankhidwa alibe ngongole kwa wina aliyense chifukwa sanapemphe voti. Mphamvu zili m'Bungwe likakhala pamodzi n'kukambirana, ndipo membala akatuluka pakhomo ndi mnzathu wamba. Msungichuma amapereka lisiti pa chopereka chilichonse ndipo amafotokoza za Thumba pa Phwando. Zimenezi sizitanthauza kuti a Bahá'í sangagwe. Ndife anthu, ndipo mayesero amene anagwetsa mameya aja angatipeze pa K20,000 ya chakudya cha msonkhano. Kugwa kwa munthu kawirikawiri kumayamba ndi mawu akuti, "Ndingobwereka, ndibweza Lachisanu."

Choncho kulikonse kumene tikutumikira, m'komiti ya sukulu, ya mjigo, ya maliro kapena ya banki mkhonde, tiyeni tikhale anthu amene amapempha okha kuti awerengeredwe. Ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri. Chilichonse chilembedwe m'buku. Lipoti liperekedwe pa nthawi yake, ngakhale palibe wafunsa. Ena amaona ngati kufunsa lisiti ndi kunyoza msungichuma, koma ndi kumukonda: tikumuteteza ku mayesero tsiku limene mwana wake wadwala ndipo bokosi lili m'nyumba mwake, ndipo tikumuteteza ku mabodza tsiku limene wina afuna kumuipitsira dzina. Ndipo m'makalasi a ana ndi m'magulu a achinyamata achichepere amene timachititsa ku Zolozolo, ku Chiputula kapena ku Luwinga, mwana amene lero akuphunzira kubweza chenji chonse kwa amayi ake ndi amene mawa adzasunge chuma cha mzinda uno.

Tsono munthu wogwa uja akabwera pakati pathu, tidzamulandira ndi manja awiri, tidzamupatsa mpando wokhalira, tidzadya naye, ndipo sitidzamukumbutsa zakale. Akafunsa makiyi, tidzamuuza mwaulemu ndi mosabisa kuti amenewo ndi a gulu, ndipo gulu lidzaona ntchito zake m'kupita kwa nthawi.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anu kusiyana kwa kukhululukira munthu ndi kumukhulupirira. Kodi n'zotheka kuchita choyamba ndi mtima wonse popanda chachiwiri?

2. M'chitsanzo cha banki mkhonde ya ku Chibavi, wapampando angayendetse bwanji zokambirana kuti mayi wamasiye atetezedwe, msungichuma asanyozedwe, ndipo gulu lisapasuke?

3. Mwaona kuti ndalama za komiti imene muli membala sizikuyenda bwino, ndipo amene akuzisunga ndi wachibale wanu wamkulu. Mungauze ndani, ndipo simuyenera kuuza ndani?

4. Ndi zinthu ziti zimene anthu amapempha kwa atsogoleri zimene zingawakankhire ku katangale? Tingathandize bwanji anansi athu kuona zimenezi popanda kulowa m'ndale za zipani?

5. Kodi m'dera lathu muli munthu amene anatuluka kundende, kapena banja limene wina wake ali m'ndende, limene gulu lathu lingaliyendere sabata ino? Gwirizanani tsiku ndi anthu amene apite, ndipo dzina la banjalo lisatuluke kunja kwa gulu lino.